Phula, Linya ndi Zigamba: Mbiri ya Okonza Zombo pa Nyanja ya Malawi

Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Kaputeni Rhoades wa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen analamulidwa kuti akasake sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ndi kukathana nayo. Anaipeza pa doko la Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli, kutsidya la Tanzania. Koma sanaipeze ikuyandama. Inali itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, moto wozima, yosatha kuthawa kapena kubwezera. Mzinga wa Guendolen unalira, sitima yokhala pamtunda ija n'kulasidwa. Kaputeni wa Chijeremani, yemwe anali bwenzi la Rhoades ndipo anali asanamve zoti kwawo kwabuka nkhondo, anabwera pa kaboti ali wolusa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Ku London nyuzipepala zinalengeza kuti Angerezi apambana nkhondo yapamadzi pa nyanja ya Nyasa.

Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa imaseketsa. Koma amene anakhalapo ndi chombo, kaya sitima kaya kabwato ka mbedza, sadabwa kuti Ajeremani anapezeredwa pamtunda. Chombo chimadya mwini wake ngakhale chili chikhalire. Dzuwa limachiwamba, mchenga umachipala kunsi, madzi amafunafuna polowera usana ndi usiku. Mbiri ya nyanjayi imakonda kutchula akaputeni, amishoni ndi eni makampani, pamene amene aisunga ikuyendeka ndi anthu a nsompho, a singano ndi a sipanala, omwe ntchito yawo yonse yakhala yoti chombo chigwirenso chaka china mwini wake asanagule chatsopano.

Kale bwato silinkagulidwa ndi ndalama. Linkalira thukuta, ufa ndi mowa. Wofuna bwato ankayamba wapeza mtengo, ndipo mitengo yoyenera inkadziwika: chonya wa m'mphepete mwa mitsinje amene sawola msanga m'madzi, mbawa, mlombwa, ndi ina ya thunthu lalitali lowongoka. Ankapempha kwa mfumu ya dera limene mtengowo uli, kenako n'kuitana mmisiri. Mmisiri ankaugwetsa ndi nkhwangwa n'kuusemera m'nkhalango momwemo, poti thunthu losasema silikanasunthika. Ntchito ya nsompho inkatenga milungu, ndipo nthawi yonseyo mwini bwato ankadyetsa mmisiriyo. Tsiku lokoka linali la mudzi wonse, ngati dima la kumunda: amuna ankamanga zingwe za luzi, kuyala mitengo pansi kuti bwato lizitsetsereka, n'kulikoka ndi nyimbo kuchokera kuphiri mpaka kugombe, mowa ukuwadikira.

Chinthu chovuta chotero kuchipeza sichinkasiyidwa padzuwa. Mdani wamkulu wa bwato losema si madzi ayi, koma kuuma mofulumira, kumene kumang'amba thupi lake motsata mitsempha ya mtengo. N'chifukwa chake asodzi ankalikokera pamthunzi, kulifunditsa udzu kapena masamba, kapena kusiyamo timadzi pang'ono. Polikokera kumtunda ankayala timitengo kuti mchenga usadye kunsi. Mng'alu ukaoneka ankautseka ukadali waung'ono, ndi ulusi wa makungwa ndi utomoni. Ngakhale kasemedwe kake kanali kosamala: bwato la pa nyanja ya Malawi lili ndi milomo yopindikira m'kati, yosiya mpata woti munthu n'kungolowetsa miyendo iye atakhala pamwamba. Mlendo amaliona losautsa kukwera, koma mwera ukayamba, madzi olowa amakhala ochepa. Bwato la mtengo wolimba losamalidwa chotere linkatha zaka khumi kapena kuposerapo. Za dzuwazi anthu a ku Chilwa amazidziwa kuposa onse: nyanja yawo itaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato anatsala pa dothi long'aluka, ndipo madzi pobwerera si onse amene anayandamanso.

Mitengo ikuluikulu ija inayamba kutalikira. Sitima za nthunzi zinkadya nkhuni, ndipo m'madoko munali milu ya nkhuni zodikira sitima. Minda inakula, fodya anafuna nkhuni zake. Boma la atsamunda linatseka nkhalango zina n'kuika mitengo monga mbawa ndi mlombwa pansi pa chitetezo, kotero wofuna kugwetsa ankayenera kutenga chilolezo ndi kulipira. Apa m'pamene bwato linayamba kulowa m'thumba. Amisiri anatembenukira ku mitengo yopezeka pafupi: nsangu, mango, bulugamu. Imasemeka msanga, koma ina mwa iyo imayamba kudontha patangopita zaka ziwiri kapena zitatu. Zotsatira zake zikuoneka pa doko lililonse lero, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Karonga: mabwato ovala zigamba za malata a zitini, zidutswa za zigubu zapulasitiki zokhomedwa ndi timisomali ting'onoting'ono tondandalikana, ndi phula losungunula pamoto lopakidwa pamwamba. Mlendo wodzajambula zithunzi amaona umphawi. Mwini bwato amaona masamu: chigamba chimodzi ndi ntchito ya masana amodzi, pamene bwato latsopano ndi ndalama ya nsomba za miyezi yambiri, ndipo thunthu lake mwina lichokere kumapiri a kutali kapena kutsidya la Mozambique.

Bwato linali ndi zaka zake, koma ukonde unkafa msanga. Makoka akale ankalukidwa ndi ulusi wa zomera monga chopwa ndi bwazi. Munthu ankadula nthambi, kusenda khungwa, kulipala, kuliyanika, kenako n'kupota ulusiwo pantchafu, pang'onopang'ono, mpaka upezeke wokwanira. Khoka limodzi lalikulu linkatenga miyezi ya manja a anthu angapo. Ndiye ulusi wa zomera umawola ukakhalitsa wonyowa. Pofika kuchokera kunyanja, ntchito yoyamba, nsomba zisanagawidwe n'komwe, inali kuchotsa ndere ndi zinyalala mu ukonde n'kuuyanika pamchenga kapena pamitengo. Nthawi ndi nthawi ankaunyika m'madzi owiritsa ndi makungwa a mitengo ina, amene ankausandutsa wofiirira n'kuchedwetsa kuwola. Masana, dzuwa likakula, amuna ankakhala pansi pa mtengo, chala chachikulu chakuphazi chitakola ukonde kuti ukungike, singano ikulowa ndi kutuluka. Anyamata ankaphunzirira pomwepo, ndipo mwana wa msodzi ankadziwa mfundo ya ukonde asanaloledwe kugwira nkhafi panyanja yakuya. Mwini khoka anali munthu wolemekezeka, osati chifukwa anali ndi ndalama, koma chifukwa anali ndi abale ndi anansi okwanira kupota, kuluka, kukoka ndi kusoka.

Kenako kunabwera malole. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 nsomba za ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, zinkapita pa galimoto ndi pa njinga ku Zomba, ku Blantyre ndi ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene antchito ankafuna ndiwo. Misewu inali yoipa, matayala ankatha msanga. Ndipo asodzi anatulukira kuti m'kati mwa tayala lotha muli ulusi wolimba kuposa chopwa. Ankalitumbula ndi mpeni, kusolola ulusiwo umodziumodzi, kuulumikiza n'kulukira ukonde. Ameneyu ndiye linya, amene mpaka lero amamangira madengu ndi madenga. Pa nzeru zonse zochepetsera ndalama zimene zinachitikapo pa nyanjayi, iyi ikuyenera kukhala patsogolo. Panalibe mlangizi amene anaibweretsa, panalibe ngongole. Zinyalala za mwini lole zinasanduka chida cha msodzi, ndipo ntchito yopota pantchafu inachepa.

Nthawi yomweyo n'kuti kummwera kwa nyanja kutafika a Yiannakis, Agiriki amene anayamba usodzi wamalonda m'zaka za m'ma 1930 ndi maukonde oitanitsa kunja, maboti a injini ndi malole awoawo. Bizinesi imeneyi ndi imene inadzasanduka Maldeco dziko litalandira ufulu. Asodzi akuda sakanapikisana nawo ndi ulusi wa m'tchire. Amene anayamba kugula maukonde a m'sitolo ambiri anali obwera kuchokera ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, makamaka Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, amene anafalitsanso ukonde wa chilimira mpaka kummwera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 nayiloni inafika, ndipo pambuyo pake kampani ya Blantyre Netting inayamba kuluka maukonde m'dziko momwemuno. Nayiloni siwola. Ukonde unkatha kugona m'madzi usiku wonse, tsiku ndi tsiku, osaphikiridwa makungwa. Asodzi anapuma, koma kupumako kunali ndi mtengo wake: ukonde unachoka kutchire n'kupita kusitolo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna kusodza anayenera kuyamba wapeza ndalama.

Singano yokha sinathe ntchito. Ng'ona ndi akatumbu amang'amba matchera pofuna nsomba zokodwa, miyala ya pansi imagwira chilimira, dzuwa limafooketsa nayiloni yosiyidwa pamchenga. Chilimira chakale chimakhala cha mitundumitundu chifukwa mwini wake sagula chathunthu: amasintha chigawo chimene chatha n'kusiya zinazo. Zoyandamitsa zimene kale zinkasemedwa ku mitengo yopepuka lero ndi mapatapata otha ndi mabotolo apulasitiki, ndipo zomiza zikadali miyala ya pagombe yomangidwa ndi chingwe.

Zombo zazikulu zinali ndi vuto lina. Za matanga, zimene a Jumbe a ku Nkhotakota ankawolotsera akapolo ndi minyanga, zinkakhomedwa pomwepo ndi matabwa a m'deralo ndipo zinkayenda ndi mphepo yaulere. Zidzukulu zake zikuyendabe pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique, matanga ake ali zigamba zokhazokha. Koma chilichonse chachitsulo chinkachokera ku Ulaya, ndipo pakati pa nyanja yamchere ndi nyanja ya Malawi pali mathithi a Shire amene palibe sitima ingawakwere. David Livingstone anali ataona kale zowawa ndi Ma Robert, sitima imene anabwera nayo ku Zambezi mu 1858: inkadya nkhuni zosaneneka, malata ake opyapyala anabooka timabowo paliponse, ndipo inamira mu Disembala 1860 atatopa nayo kuimata. Amishoni a Livingstonia pobwera mu 1875 anabweretsa sitima yopangidwa mwadala kuti iziphwasulika, yomangidwa ndi mabawuti. Pamathithi anaimasula, amuna mazanamazana otumidwa ndi mafumu a Amakololo anainyamula pamutu ulendo wa makilomita pafupifupi 100, n'kukaimanganso kumtunda kwa mtsinje. Sitimayi, Ilala yoyamba, inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, Robert Laws ali momwemo. Wokhala kutali chotero ndi fakitale sakanataya bawuti ngakhale imodzi.

Nkhani ya sitima ya Chauncy Maples imaposa pamenepo. Amishoni a UMCA anaitcha dzina la bishopu wawo amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, n'kuphwasulidwa m'mitolo 3,481. Boyilala yake yokha, yolemera matani 11, sinkagawika, ndipo inakokedwa pa ngolo ndi Angoni 450 kulambalala mathithi. Zitsulo zonse zinali zitalembedwa manambala kuti omanga asadzavutike. Koma pofuna kuziteteza ku dzimbiri anazikuta ndi zinki manambala atalembedwa kale, ndipo manambala aja anafufutika. Amisiri anakhala zaka ziwiri akuyesa chitsulo ichi pa icho, mpaka sitimayo inalowa m'madzi mu Juni 1901. Kusamala kumene kunawazunzako kunathandiza nawo kuti thupi la sitimayo likhale zaka zoposa 100. Inagwira ntchito ya mishoni mpaka 1953 pamene inagulitsidwa, ndipo mu 1967 inachotsedwa injini ya nthunzi n'kuikidwa ya dizilo kuti izinyamula anthu ndi katundu. Ku Malindi, kumene mishoniyo inali ndi malo okonzera zombo, ndi m'sitima momwemo, anyamata a m'mphepete mwa nyanja anaphunzira kusula, kukhoma ndi kuyendetsa makina, ndipo luso limeneli linawatengera ena mpaka ku migodi ya kummwera.

Pali mwayi umodzi umene nyanja ya Malawi imapatsa eni zombo: madzi ake alibe mchere. Chitsulo chimene ku Beira kapena ku Nacala chikanadyeka m'zaka zochepa, kuno chimapirira mibadwo, ndipo nyongolotsi zoboola matabwa za m'nyanja zamchere kulibe. Anansi a ku nyanja ya Tanganyika ali ndi umboni wawo: Ajeremani asanamize sitima yawo ku Kigoma mu 1916 anapaka girizi makina ake, ndipo Angerezi ataivuula inayambanso kuyenda mu 1927 ndi dzina lakuti Liemba.

Likulu la zombo silinakhalitse ku Fort Johnston. Pofika cha m'ma 1915 nyanja inali itatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka kwa zaka pafupifupi 20, ndipo njanji itafika ku Chipoka mu 1935 katundu anapeza njira ina. Monkey Bay, ndi doko lake lobisika pakati pa mapiri, ndiyo inasanduka malo omangira ndi kukonzera sitima. Sitima ya Vipya itagubuduzika ndi mwera pafupi ndi Florence Bay pa 30 Julayi 1946, n'kupha anthu 145, panafunika sitima ina yonyamula anthu. Ilala yachiwiri inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Yatha zaka zoposa 70 ikukwera ndi kutsika pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Mainjini ake asinthidwa, malata a kunsi adulidwa ndi kuwotchereredwa ena, ndipo ikafuna kuonedwa kumimba imalowa pa doko loyandama la ku Monkey Bay, limene limamira pang'ono kuti sitima ilowe kenako n'kuinyamula kuichotsa m'madzi. Anthu amatamanda Asikotishi amene anaipanga, ndipo akuyeneradi. Koma Asikotishiwo anaigwira zaka ziwiri. Owotcherera ndi amakaniko a ku Monkey Bay aigwira moyo wawo wonse, ena mpaka kusiyira ana awo. Ilala ikakhala pa doko miyezi, a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe ndiwo amalipira: chimanga ndi shuga zimakwera, ndipo odwala ndi amalonda amadzazana m'maboti apululu kuwoloka madzi amene sitima yomwe imawaopa. Kuchedwetsa kukonza sitima yotere sikupulumutsa ndalama ya munthu aliyense, kumangoisamutsira kwa osauka a pazilumba.

Pakati pa bwato ndi sitima panabwera boti la matabwa. Nthambi ya boma yoona za usodzi inalilimbikitsa dziko litalandira ufulu, pofuna kupulumutsa mitengo ikuluikulu, popeza thunthu limene limatulutsa bwato limodzi, zotsala zonse n'kukhala zipalapala, likachekedwa limapereka matabwa ambiri. Ku Mpwepwe, pafupi ndi Mangochi, kunakhazikitsidwa malo okhomera maboti ndi sukulu ya zausodzi, ndipo amisiri ophunzira kumeneko, pamodzi ndi ena ongoonera, anafalikira m'madoko. Boti la matabwa lili ndi ubwino umodzi waukulu: thabwa lowola limazulidwa lokha n'kuikapo lina. Koma lili ndi mipata yambiri yoti madzi alowere. Pamene matabwa akumana amakhomerapo thonje, chingwe kapena ziguduli ndi tchizulo, n'kumata phula kapena utoto wosakaniza. Mwini wanzeru amalitembenuza kamodzi pachaka, kulipala ndi kulipenta, chifukwa chitini cha penti n'chotchipa kuposa thabwa la mlombwa. Wosasamala amadziwika ndi mwana wokapa madzi ndi chigubu chodula ulendo wonse.

Injini ndiyo inasintha masamu onse. Zoyamba kufala zinali za British Seagull, zopangidwa ku Poole ku England: zaphokoso, zautsi, zomwa oyilo wochuluka, muyeso umodzi pa miyeso 10 ya petulo, koma zosavuta moti munthu wa sipanala ziwiri ankaimasula pamchenga n'kuibwezera. Pambuyo pake Yamaha inalanda nyanja, ndipo mtundu wake wa Enduro ndi umene umalira m'madoko ambiri madzulo. Umafuna muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 50 ya petulo, ndipo apa m'pamene eni maboti ambiri amadzipweteka okha. Oyilo akadula amachepetsa muyeso, injini n'kuyenda bwinobwino milungu ingapo, kenako n'kunoka pakati pa nyanja, ndipo ndalama ya pisitoni imaposa ya oyilo wa chaka chonse. Chimodzimodzi ndi kampira kopopa madzi oziziritsa: n'kotchipa, koma kamadyeka ndi mchenga injini ikamayendetsedwa m'madzi osaya, ndipo woyendetsa amene sayang'ana ngati timadzi tikutuluka kumbuyo amawotcha injini yonse. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amabwera ndi madzi ndi zinyalala, ndiye odziwa amamusefa pa nsalu asanathire. Kachitsulo kogwira pulopela kanapangidwa kuti kazithyoka pulopelayo ikagunda mwala. Kakathyoka ena amalowetsapo msomali, ndipo ulendo wotsatira chothyoka chimakhala magiya.

Pa doko lalikulu lililonse pali makaniko wa pansi pa mtengo, injini zitatsamira pa mtanda, zina zamoyo zina zakufa. Zakufazo sizitayidwa. Kabuleta ya iyi imapita pa iyo, ndipo injini imene mwini wake amati ndi ya zaka 15 mwina yatsala ndi chivundikiro chokha cha tsiku limene inagulidwa. Nzeru inanso ndi yogawana injini imodzi: gulu la chilimira limapita ndi boti limodzi la injini litanyamula kapena kukoka mabwato, ndipo likafika pamalo ntchito yotsala ndi ya nkhafi. M'madoko ambiri ndalama ya mafuta imachotsedwa kaye nsomba zikagulitsidwa, zotsala n'kugawidwa pakati pa mwini zida ndi alovi, kotero mlovi aliyense amamva kuwawa kwa lita iliyonse yowonongeka. Koma pali zina zimene luso la pagombe silingathe. Injini, mapulagi, nayiloni ndi petulo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012 maboti ambiri anagona pamchenga. Kwacha itagwa mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zinakwera nthawi yomweyo, pamene usipa m'nyanja sunachuluke.

Pa nyali pokha zinthu zinayenda mokomera thumba. Usipa umakopeka ndi kuwala, ndipo makolo ankaukopa ndi miuni ya bango ndi udzu. Nyali za Tilley zitabwera, siginala, wokopa usipayo, ankakhala yekha pa bwato lake ndi nyali zingapo, akupopa ndi kusintha zingwe zake zosachedwa kuyoyoka, parafini akutha usiku uliwonse. M'zaka za posachedwapa mababu a LED oyendera batire, lotchajidwa masana ndi sola, alowa m'malo mwake pafupifupi paliponse. Ndalama ya parafini inatha. Koma kuwala kotchipa kwachulukitsa nyali panyanja, moti usiku wopanda mwezi, ukaima pa Senga Bay kapena pa Msaka, umaona ngati kutsidya kuli mzinda, ndipo usipa wake ndi womwewo wogawana anthu ochuluka.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi imene yawononga kwambiri. Masikito amene zipatala zimagawa kuti ateteze ana ku malungo amasokedwa kukhala makoka, kapena kuikidwa m'kati mwa chilimira, ndipo amakokolola ndi ana a chambo omwe. Ukonde wa ulusi umodzi woonekera, umene malamulo amaletsa, umalowa m'dziko mozemba ndipo umagulidwa pa mtengo wochepa poyerekeza ndi nayiloni yopota. Umagwira nsomba zambiri chifukwa nsomba siziuona. Koma susokeka bwino: ukang'ambika mwini wake amautaya, nthawi zambiri m'madzi momwemo, ndipo umapitiriza kupha nsomba zimene palibe adzadye. Kwa mwini ukonde masamu ake amatuluka bwino mwezi umenewo. Wosoka maukonde amataya ganyu, ndipo chotsala amalipira ndi nyanja. A ku Malombe anaziona kale: chambo chitatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono, boma linayambitsa makomiti a m'madoko mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linawapatsa mphamvu, koma chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale.

Ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, kuli dongosolo lakale kuposa makomitiwo. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a banja la Makanjira amatseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo msodzi aliyense amachokako ndi zida zake. Cholinga chake n'chakuti utaka uswane, koma miyezi imeneyi ndi imenenso maboti amatembenuzidwa pa gombe la Chikombe, matabwa owola kuzulidwa, mainjini kumasulidwa ndi zilimira kusokedwa popanda wothamangira kunyanja madzulo. Nyengo ikatsegulidwa, mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, komiti ya mfumu imayendera zida, ndipo wopezeka ndi ukonde woletsedwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa.